Mutu 6: Mpando wa Ophunzira

1. Kumapeto kwa tebulo

Pa yunivesite ponse ankamudziwa ndi dzina loti Wayilesi. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa akayamba kulankhula panalibe wodziwa pothimitsira. Anali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zamankhwala. Tsiku losankha woimira ophunzira mu komiti yoyendetsa maphunziro, dzina lake litangotchulidwa manja anakwera holo yonse.

"Akuluakulu aja akamumve ameneyu," anatero anzake. "Ife tamumva mokwanira."

M'mawa wa msonkhano wake woyamba anasita bulauzi yoyera, nagwada pambali pa bedi kupempha nzeru kwa Mwini nzeru. Chipinda cha msonkhano chinali pamwamba m'nyumba ya maofesi. Munali tebulo lalitali lonyezimira, mipando yachikopa, ndi makatani olemera otchinga phokoso la kunja. Mpando wa ophunzira unali kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko, moyandikana ndi kashelefu ka makapu.

A wapampando anali mayi wamtali wovala magalasi, mkulu wa gawo lonse la sayansi.

"Tili ndi mnzathu watsopano, woimira ophunzira," anatero. "Takulandirani. Tiyeni tiyambe, nkhani zachuluka."

Nkhani zinayenda ngati madzi a mu ngalande. Ina ikatha, ina yalowa kale. Kenako anaimirira mkulu woyang'anira nyumba za sukulu, bambo wonenepa wa mulu wa makiyi palamba. Iye anapempha kuti labotale ya chaka chachiwiri ichoke m'chipinda chakale chapansi, ipite pamwamba penipeni pa nyumba yatsopano yosanja.

"Kumeneko kuli mawindo aakulu, masinki atsopano, mpweya wabwino," anatero, makiyi akulira. "Ana athu akasangalala."

Wayilesi anatchera khutu. Nyumba yatsopanoyo ankaidziwa. Chikepe chake chokwezera anthu pamwamba chinali chisanaikidwe, ndipo pamalo pake anangokhomapo matabwa. Kukwera pamwamba kunali kwa masitepe okhaokha. Koma m'kalasi mwawo munali mnyamata woyenda pa njinga ya olumala.

Wayilesi anaika manja pamiyendo, nadikira. Kwawo anamulera kuti akulu akamalankhula mwana sadula mawu, amadikira kuti amuitane. Sanakayike kuti a wapampando atembenuka n'kufunsa kuti, nanga ophunzira mukuti bwanji?

"Pali wotsutsa?" anafunsa a wapampando, maso ali papepala. Sanapume n'komwe. "Palibe. Tagwirizana. Nkhani yotsatira."

Mlembi analemba. Wayilesi anatsegula pakamwa, koma mphunzitsi wina anali atayamba kale za masiku a mayeso. Anatsekanso pakamwa paja. Msonkhano unafika kumapeto, ndipo funso lokha limene anafunsidwa tsiku limenelo linachokera kwa mayi wogawa tiyi.

"Shuga ndiike, mwanawe?"

2. Pansi pa masitepe

M'mawa mwake chidziwitso chinali chitamatidwa kale pakhomo la nyumba yatsopano. Chinkanena kuti kuyambira Lolemba la sabata yachiwiri, maphunziro onse a mu labotale azichitikira pamwamba. Mzere womaliza unkati komiti yagwirizana izi pamodzi ndi woimira ophunzira.

Wayilesi anapeza kalasi yonse itaunjikana pamenepo. Pakati pawo, m'munsi mwa masitepe, panali mnyamata uja. Anzake ankamutcha Dalaivala, chifukwa njinga yake ankaikhotetsa mwaluso m'makhonde, akuliza hutala ndi pakamwa kuti anthu apatuke.

"Abwana a komiti afika!" anafuula Dalaivala. "Tandiuzeni, abwana, galimoto yangayi ikwera bwanji apa? Kapena mwandiitanitsira mapiko?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa m'mano. Lamulo la sukulu aliyense ankalidziwa. Wophunzira wosalowa mu labotale saloledwa kulemba mayeso, ndipo wosalemba mayeso chaka chonse chapita m'madzi.

"Tizikunyamula, aise," anatero mnyamata wina. "Tilipo ambiri."

"Ndine thumba la simenti ine?" anayankha Dalaivala. "Chaka chatha munandinyamula pa masitepe a ku holo. Mwaiwala mmene zinathera? Ine pansi, njinga pamwamba panga, inu wina kuseka wina kulira. Ayi, amwene. Ndinabwera kuno kudzaphunzira za mankhwala, osati kudzamwa mankhwala."

Pamenepo anatulukira Mphezi, mtsogoleri wa bungwe la ophunzira, mnyamata wa mawu aakulu amene sankadziwa kunong'ona. Anakwera pa sitepe yoyamba kuti aliyense amuone.

"Wayilesi, tiuze mawu amodzi okha," anatero. "Anakutseka pakamwa, eti? Sanakulole kulankhula. Ukangovomera, mawa palibe wolowa m'kalasi. Maloko ndili nawo. Tikhoma zitseko zonse mpaka atigwadire."

Onse anatembenukira kwa iye. Bodza likamabwera kwa munthu silibwera ndi nyanga. Limabwera litasamba, litadzola, likumwetulira ngati mnzako wokufunira zabwino. Kungogwedeza mutu kukanamukwanira Wayilesi, ndipo anzake akanamunyamula m'mwamba ngati ngwazi.

"Sananditseke pakamwa," anatero. "Anafunsa ngati pali wotsutsa. Ine ndinakhala chete. Ndimadikira kuti anditchule."

Pomwepo phokoso linaphulika.

"Wayilesi yatha mabatire!"

"Anakugula ndi tiyi wamkaka!"

"Kumeneko umakatani, kukawerenga makatani?"

Dalaivala yekha sananyoze. Anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili yopanda nthabwala.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "tinakusankhani chifukwa cha pakamwa. Pakamwapo munaiwala kunyumba?"

Mawu amenewo anamulasa kuposa kunyoza konse kuja. Koma sanathawe.

"Komiti ikumananso Lachinayi likudzali," anatero. "Chimene ndinachigwetsa ndikachitola ndekha. Mphezi, maloko akowo uwaike kaye m'chikwama. Ukakhoma zitseko lero, sukulu itsekedwa, ndipo mayeso sitilemba tonse, iyenso pamodzi."

"Mpaka Lachinayi," anatero Mphezi akutsika pa sitepe paja. "Ukakagonanso, usadzandiletse."

3. Chenjezo la bambo

Loweruka masana anapita kwawo. Bambo ake anali telala, ndipo chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo ndicho chinali shopu. Anawapeza ali pa makina, tepi ili m'khosi, nsalu za yunifolomu zitaunjikana pampando. Amayi ake ankasita zomwe zasokedwa kale, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi monga mwa chizolowezi chawo.

Wayilesi anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Bambo anaimitsa makina, nachotsa mapini amene anawaluma.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero. "Undimvere mpaka ndimalize.

"Unyamata wanga wonse ndinauthera m'fakitale ya zovala. M'holo imene tinkasokeramo magetsi anali ofooka, moti pofika madzulo ulusi wakuda sunkaoneka pansalu. Maso ankatiwawa tonse. Anzanga anati, iwe ndiwe wodziwa kulankhula, pita kwa abwana. Ndinapita, chipewa m'manja, ndinalankhula mwaulemu wonse. Magetsi anakonzadi. Koma itafika nthawi yochepetsa antchito, dzina loyamba kuitanidwa linali langa. Iwe unali kumsana kwa amayi akowa. Mwa onse amene anandituma aja, palibe ngakhale mmodzi anaponda pakhomo pano kudzafunsa ngati tadya.

"Anthu, mwana wanga, amakukweza mumtengo kuti uwathyolere zipatso. Njuchi zikatuluka, amathawa ndi makwerero omwe. Aphunzitsi amene ukufuna kukawatsutsawo, ndi omwewo adzachonge mayeso ako. Mkulu wa nyumba amene ukamuimitse pagulu ali ndi anzake m'maofesi onse. Iwe uli ndi ndani? Ife tinakutumiza kukatenga digiri, osati kukaweruza milandu. Makina awa ndawapalasa mpaka mawondo akulira kuti iwe usadzakhale pa makina. Mnyamatayo ndikumumvera chisoni, Mulungu ndi mboni. Koma ali ndi makolo ake, akamulankhulire. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata."

Wayilesi anamvetsera ali chiweramire. Atatha, anafunsa mofatsa.

"Bambo, magetsi aja akuyakabe?"

Bambo anamuyang'ana mokayikira. "Akuyaka. Ndimawaona ndikamadutsa."

"Ndiye alipo anthu akusoka bwinobwino lero, osadziwa n'komwe dzina lanu."

"Dzina silidyedwa," anatero bambo, koma mawu awo anali atafewa.

Amayi anaimika simbi, napukuta manja.

"Bambo ako sananame," anatero. "Moto umawotcha, ndipo iwo ali ndi chipsera. Uziwamvera. Usakakweze mawu, usakaloze munthu chala. Koma nanenso ndili ndi anga. Mulungu sapatsa munthu mpando kuti azingoutenthetsa. Ukakhala pa mpando wa anzako, pakamwa pako sipakhalanso pako wekha. Mlonda akaona moto n'kukhala chete poopa kudzutsa akulu, ulemu wakewo ndi wa chiyani? Tsiku lomaliza sitidzayankha pa zimene tinalankhula zokha, komanso pa zimene tinameza pomwe mnzathu amamira."

"Mwayamba ulaliki, amayi a mwana," anadandaula bambo.

"Ndinauphunzira kwa munthu wina amene anapita kwa abwana chipewa m'manja. Mumaganiza kuti ndinakukonderani chiyani? Mutu wadaziwo?"

Bambo anafuna kukwiya koma kuseka kunawapambana. Anapukusa mutu, nakoka tepi m'khosi.

"Bweretsa jekete lako lija," anauza mwana wawo. "Mikono yake ndi yaitali. Ngati watsimikiza kukaima pamaso pa akulu, usakaoneke ngati wabwereka. Koma sindinavomere, wamva? Ndikungokonza jekete."

Asanatsanzike, atatuwo anagwirana manja pakati pa milu ya nsalu, ndipo amene anatsogolera pemphero anali bambo.

4. Munthu wachiwiri

Lolemba m'mawa Wayilesi anapita kwa mlembi wa komiti kukafunsa ngati nkhani yotha kale ingatsegulidwenso.

"Ingatheke," anatero mlembi. "Pachiyambi pa msonkhano, a wapampando akamafunsa za zomwe tinagwirizana ulendo wapita, mukatsutse pomwepo. Mukachedwa, chitseko chatsekeka. Koma pafunika membala wachiwiri wokuvomerezani. Mawu a munthu mmodzi sadzutsa nkhani."

Mpando wa ophunzira mu komitimo unali umodzi wokha. Choncho munthu wachiwiriyo anayenera kukhala mphunzitsi.

Anayamba kugogoda m'maofesi. Mphunzitsi woyamba anati ali ndi mapepala ambiri ochonga. Wachiwiri anamumvera chisoni kwambiri, namuperekeza mpaka pakhomo, nati aona kaye mmene anzake anenere. Wachitatu anali atapita kumsonkhano kutali.

Anatsala mmodzi, amene ophunzira onse ankamuopa. Anali bambo wachikulire, wowonda, wa imvi, mphunzitsi wa kasakanizidwe ka mankhwala. Ankamutcha a Mawamayeso, chifukwa phunziro lililonse ankalitseka ndi mawu omwewo, kaya mayesowo alipo kaya palibe.

Anawapeza mu labotale yakale yapansi ija, atavala chovala choyera, akukulunga mabotolo m'mapepala kuti alowe m'makatoni. Wayilesi anaima pakhomo nafotokoza. Iwo sanasiye kukulunga mpaka iye atamaliza.

"Ndiye munakhala chete chifukwa cha ulemu," anatero.

"Inde."

"Lowani, mukhale pa situlu apo. Musakhudze kanthu."

Anaika botolo pansi mosamala, namuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mukuganiza kuti mpando uja tinauika kuti ukongoletse chipinda? Ine ndinalipo pamene unkaikidwa, ndipo ena sankaufuna. Ankati ana adziwa chiyani. Tinauika chifukwa ife tikayang'ana nyumba timaona mapaipi, mawindo ndi madenga. Tsiku lija inenso ndinali pa tebulo lomwelo. Mutu wanga unali pa masinki atsopano, chifukwa awa akudontha kuyambira kalekale. Mnyamatayo ndimamuphunzitsa, amakhala kutsogolo, amafunsa mafunso ovuta kuposa nonsenu, koma pa nthawi imeneyo sanandibwerere m'maganizo. Amene mumadya naye, kuyenda naye, kumuona akuzungulira nyumba yonse kufuna khomo lopanda sitepe, ndinu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Inu munamva, koma chitseko munachisiya chotseka.

"Makolo anu anakulerani bwino, ndipo ulemuwo musautaye. Koma m'chipinda chija simulowa ngati mwana wa munthu. Mumalowa ngati membala. Dzanja lanu likakwera limalemera chimodzimodzi ndi langa. Kumeneko saitana munthu ndi dzina. Akafunsa kuti pali wotsutsa, afunsa inu. Mukakhala chete, mlembi amalemba kuti mwavomera. Chete chete sautsa nyama.

"Tsopano chenjezo langa ndi ili. Musakalowe ndi mkwiyo. Mkulu wa nyumba uja si mdani wanu, ndipo sanachite dala. Munthu ukamuchititsa manyazi pagulu, amateteza cholakwa chake ngati mwana wake wobereka yekha. Musakanene kuti akuluakulu mulibe chifundo. Mukanene zimene munaona ndi maso. Ndiponso musakapite ndi dandaulo lokha. Wodandaula amapatsidwa pepani. Mukapite ndi njira, kuti anthu akafuna kubwerera apeze popondapo."

"Ndiye mukandivomereza?" anafunsa Wayilesi.

"Sindilonjeza chinthu ndisanachimve. Zikakhala za nzeru, ndikakweza dzanja. Zikakhala zopanda mutu, ndikakhala chete ngati mmene munachitira inu." Anatolanso botolo lija. "Pitani tsopano. Mawa mayeso."

5. Lachinayi

Asanakwere ku msonkhano, Wayilesi anakumana ndi anzake m'khonde lapansi la nyumba ya maofesi. Dalaivala anali atavala taye. Mphezi anali ndi chikwama cholemera paphewa, ndipo chinkalira zitsulo akasuntha.

"Ndikupempha chinthu chimodzi," anatero Wayilesi. "Mukhale pompano, koma pasamveke nyimbo, pasamveke mluzu. Mphezi, ndikunena iwe."

"Ine kukhala chete?" anadabwa Mphezi. "Dziko latembenuka. Wayilesi ikuletsa phokoso!"

Wayilesi anakwera masitepe yekha, milomo ikuyenda ndi pemphero lalifupi. Anakhala pa mpando wake wa kumapeto. A Mawamayeso anali mbali ina ya tebulo, akupukuta magalasi, osamuyang'ana.

A wapampando anatsegula msonkhano mofulumira monga kale.

"Zomwe tinagwirizana ulendo wapita mwaziwerenga nonse. Pali wotsutsa? Pali..."

"Ndilipo, a wapampando!"

Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene anafunira, moti mlembi anagwetsa cholembera. Mitu yonse inatembenukira kumapeto kwa tebulo. Wayilesi anapeza kuti waimirira kale. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Lankhulani," anatero a wapampando.

"Ndi nkhani ya kusamutsa labotale. Ulendo wapita ndinakhala chete, ndipo kunalembedwa kuti ophunzira tavomera. Kulakwa kumeneko n'kwanga. Nyumba yatsopano ndi yabwino, ndipo tikuthokoza amene anaivutikira. Koma chikepe chake sichinaikidwe. M'kalasi mwathu muli mnzathu woyenda pa njinga. Sangafike pamwamba paja. Akapanda kulowa mu labotale salemba mayeso, ndipo ataya chaka. Ndikupempha kuti nkhaniyi itsegulidwenso, labotale ikhale kaye pansi mpaka chikepe chitaikidwa."

Mkulu wa nyumba anaimirira makiyi akulira.

"A wapampando, nkhaniyi inatha. Makatoni tayamba kale kumanga. Chikepe chili m'mapulani a chaka chamawa. Tisokoneze dongosolo lonse chifukwa cha munthu mmodzi? Anzake ndi anyamata amphamvu, azimunyamula."

"Lamulo likufuna wachiwiri," anatero a wapampando. "Alipo wovomereza pempholi?"

Mphunzitsi uja wachisoni chambiri ankayang'ana kudenga. Wina ankatembenuza mapepala. Wayilesi anaima chiimire, osakhala pansi.

Pang'onopang'ono dzanja lowonda linakwera.

"Ndikuvomereza," anatero a Mawamayeso. "Ndipo ndili ndi funso kwa mkulu mnzanga. Mu labotale timagwira moto ndi mankhwala oyaka. Tsiku lina botolo likaphulika, utsi n'kudzaza, ana onse n'kuthamangira pa masitepe, amene adzabwerere kukanyamula njinga ndani? Inu kapena ine? Makatoniwo ndamanga ndine. Kumasula sikundivuta."

Mkulu wa nyumba anakhala pansi pang'onopang'ono. Nkhope yake inaonetsa kuti funsolo lamulowa.

"Ndili ndi pempho lina, a wapampando," anatero Wayilesi. "Ine ndamulankhulira, koma mwini wake ali ndi pakamwa. Malamulo a komiti amalola kuitana munthu amene nkhani ikumukhudza."

"Amaloladi. Muitaneni alowe."

"Sangathe kulowa. Ali pansi. Nyumba inonso ilibe chikepe."

A wapampando anavula magalasi, nayang'ana chitseko, nayang'ananso anthu onse a pa tebulo mmodzimmodzi. Zaka zonse zimene komitiyo inakhala ikukumana m'chipinda chimenecho, panalibe anaganizapo kuti alipo ophunzira amene sangafikemo ngakhale ataitanidwa.

Mayiyo anasonkhanitsa mapepala awo, naimirira.

"Ndiye titsike ife," anatero.

6. Msonkhano wa m'khonde

Ophunzira atamva mapazi ambiri pa masitepe anaganiza kuti msonkhano watha. Koma anaona a wapampando akutsika, kumbuyo kwawo aphunzitsi, mlembi atakumbatira buku lake, ndi mkulu wa nyumba akupuma mwawefuwefu. Mphezi anatsitsa chikwama chija mwakachetechete n'kuchikankhira kuseri kwa mphika wa maluwa.

A wapampando anaima patsogolo pa Dalaivala. Ataona kuti akumuyang'anira pansi, anapempha mpando, nakhala kuti maso awo alingane.

"Komiti yabwera kudzakumvani," anatero.

Dalaivala anakonza taye yake. Kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka, nthabwala inamuchedwera.

"Mayi, ine sindikupempha kuti mundichepetsere mayeso," anatero. "A Mawa... pepani, aphunzitsi athuwa akudziwa kuti sindiopa mayeso. Ndikungopempha khomo loti ndilowe ndekha ndi kutuluka ndekha. Kunyamulidwa kumaoneka ngati chikondi kwa wonyamula. Kwa wonyamulidwa, tsiku lililonse umayamba ndi kupempha. Anzangawa ndimawakonda, koma tsiku limene adzachedwe, ine ndajomba. Tsiku limene tidzakangane za mpira, ine ndagona pamwamba."

Anthu anaseka, ngakhale mkulu wa nyumba amene.

A wapampando anafunsa maganizo a mamembala pomwepo m'khondemo, ataimirira. Anagwirizana kuti labotale ikhalebe m'chipinda chapansi kufikira chikepe chitaikidwa ndi kuyesedwa. Anagwirizananso kuti pakhale kagulu ka aphunzitsi ndi ophunzira koyendera nyumba zonse za sukulu, kuona makomo, zimbudzi ndi masitepe, ndipo Dalaivala akhale m'kagulumo.

"Mlembi, lembani," anatero a wapampando. Kenako anatembenukira kwa Wayilesi. "Inu, ulendo wina musadzadikire msonkhano wachiwiri."

"Ndamva, mayi."

Mkulu wa nyumba anakweza chala. "A wapampando, pali kankhani kena kokhudza chipinda chapansicho..."

Koma mawu ake anamira m'manja a ophunzira. Mphezi, amene anapirira chete nthawi yonseyi, anafuula mpaka mawindo ananjenjemera. Dalaivala anazungulitsa njinga yake pakati pa khonde akuliza hutala, nadzaima pamaso pa Wayilesi.

"Achemwali, Lolemba mundisungire malo akutsogolo," anatero. Maso ake anali atanyowa, ndipo sanawabise.

Wayilesi anatseka maso kamphindi nathokoza Mwini nzeru.

Akuluakulu anabwerera pamwamba kukapitiriza nkhani zotsala, ndipo iye anatembenuka kuti awatsatire. Asanaponde sitepe yoyamba, wina anamugwira mkono.

Anali mtsikana wamfupi wovala yunifolomu ya ophunzira unamwino. Kumbuyo kwake kunali anzake angapo ovala mofanana, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene ankaomba m'manja.

"Ndiwe woimira ophunzira mu komiti?" anafunsa mtsikanayo.

"Ndine."

"Chipinda chapansi chimene mwapambanacho anatilonjeza ife. Inu mukangosamuka, ife timayenera kulowamo Lolemba. Chaka chonse takhala tikuphunzirira kusamalira odwala pakhonde la kuseri. Mabedi athu ali panja, mvula ikagwa timakokera matiresi m'chimbudzi. Mayeso athu oyesera pa bedi ayandikira, ndipo tilibe powalembera." Anamuyang'ana m'maso osaphethira. "Tiuze, mnzathu. Mpando ujawu ndi wa ophunzira onse, kapena wa kalasi yako yokha?"

Wayilesi anayang'ana Dalaivala, amene anali kutali kale pakati pa anzake, akuseka. Anayang'ana pamwamba pa masitepe, pomwe chitseko cha msonkhano chinali chisanatsekedwe.

"Ndi wa onse," anatero. "Msonkhano sunathe. Iwe tiye, ukwere nane."